Kodi makoma a Great Zimbabwe ankawerengera nyenyezi?

Usiku wa mwezi wa Julayi, magetsi akazima ku Kaunda Square, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, zimene zimatsala zikuwala pansi ndi makala a pa mbaula, makandulo a m'tuntemba ndi nyali za maminibasi otsiriza ochokera m'tauni kudzera mu msewu wa Great East, koma kumwamba kumavundukuka thambo limene ambiri obadwira m'makomboni sanalionepo bwinobwino, lodzaza nyenyezi kuyambira pamwamba pa malata a Stage 1 mpaka cha ku Chelstone, ndipo pakati pake pamadutsa mkwasa woyererako ngati utsi, umene makolo anautcha Mlalang'amba.

Mdima umenewo, womwe anthu a mu Lusaka amangoufotokoza ndi mawu awiri akuti malaiti yayenda, unafika poipa mu 2024, chaka chimene chilala chinapsereza chimanga m'minda ndi kutsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, mpaka boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka, ndipo pofika Sepitembala mabanja ena ankatha maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Chinali chipsinjo kwa ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa nkhuku za m'firiji, ndipo palibe chifukwa chochikometsera, ngakhale kuti chinabwezera anthu chinthu chimodzi chimene kuwala kwa mzinda kunawalanda kalekale.

Munthu akayang'ana kumwamba nthawi yaitali, mafunso amabwera okha.

Limodzi mwa mafunsowo ndi lakuti kodi anthu akale a chigawo chino cha Africa anamangapo malo oonera zakumwamba, kutanthauza malo okonzedwa dala kuti munthu woima pamenepo azitha kuyeza kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, monga mmene zimanenedwera za Stonehenge ku England. Wofufuza funsoli pa intaneti sachedwa kukumana ndi yankho lokoma m'khutu, lakuti malo otero alipo ndipo ali pafupi, kutsidya kwa Zambezi, m'mabwinja a miyala a Great Zimbabwe. Yankholi liyenera kupimidwa mofatsa, chifukwa lili ndi mbiri yaitali imene ambiri olifalitsa saidziwa.

Kuchokera ku Kaunda Square, ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 800. Umayambira pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, n'kutsika mapiri okhotakhota mpaka kuchigwa chotentha cha Chirundu, kumene kuyambira 2009 ziphaso za maiko onse awiri zimadindidwa pa malo amodzi, kenako umadzera ku Harare mpaka ku Masvingo, ndipo mabwinjawo ali makilomita osakwana 30 kum'mwera chakum'mawa kwa tauniyo, pafupi ndi nyanja ya Mutirikwi. Asanawoloke malire, wapaulendo amadutsa kufupi ndi Ingombe Ilede, kumene mu 1960 ogwira ntchito yoika thanki la madzi anatulukira manda a anthu olemera oikidwa ndi mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa, umboni wakuti chigwa cha Zambezi chinali njira ya malonda zaka mazana ambiri zapitazo.

Chimene chimayamba kudabwitsa mlendo ku Great Zimbabwe ndi chakuti makomawo alibe dothi, laimu kapena simenti yomatira.

Mwala uliwonse unangosanjikidwa pa unzake. Amisiri ankatenga miyalayo pa matanthwe a m'mapiri ozungulira, amene mwachilengedwe amasendeka m'magawo ngati makungwa a mtengo, ndipo pofuna kufulumizitsa ankakoleza moto pathanthwe n'kuthirapo madzi kuti ling'aluke, kenako n'kumaphwanya magawowo m'tizidutswa tonyamulika ndi munthu mmodzi. Dzina lenileni la malowo limamasuliridwa kawirikawiri kuchokera ku mawu a Chishona otanthauza nyumba za miyala, ndipo mzindawo unakula pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi za m'ma 1400, pa dera lokwana mahekitala oposa 700. Bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1986.

Malowo ali m'zigawo zitatu. Pali phiri, limene pamwamba pake makoma amaluka pakati pa matanthwe akuluakulu ndipo njira yake yakale ndi yopapatiza moti anthu awiri sangayende mogundana mapewa. Pali chigwa, mmene muli mabwinja a makomo ambiri. Ndipo pali linga lalikulu, lomwe ndilo limaoneka pa zithunzi zambiri, khoma lozungulira la mamita pafupifupi 250 m'litali, lokwera mpaka mamita 11 m'malo ena ndi lochindikala mamita 5 m'munsi mwake.

M'kati mwa lingalo, kumapeto kwa kanjira kozizira kodutsa pakati pa makoma awiri aatali, muli nsanja yooneka ngati nkhokwe, yotambalala pansi ndi kuchepa pamwamba, yotalika pafupifupi mamita 10, yopanda khomo, zenera kapena makwerero, ndipo ndi yodzaza miyala yokhayokha mpaka pakati. Pamwamba pa mbali ina ya khoma lakunja pali mizere iwiri ya miyala yopendekeka mosinthanasinthana ngati mano a macheka, ndipo pa makoma ena, makamaka kuphiri, pali miyala italiitali yoimika ngati zipilala. Zinthu zitatu zimenezi, nsanja, mizere ndi zipilala, ndizo zakhala zikukopa ofuna kupeza nyenyezi m'mabwinjawa.

Woyamba kulemba za nkhaniyi mwatsatanetsatane anali Robert Swan, woyeza malo amene anatsagana ndi Theodore Bent pa ntchito yofukula mu 1891, ntchito imene inathandizidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes. Swan anayeza makona a makoma ndi makomo n'kunena kuti ena analozetsedwa kumene dzuwa limatulukira kapena kulowera pa masiku ofunika a chaka, ndipo anaonjezera kuti omangawo ankayang'ana nyenyezi za kumpoto, kusonyeza kuti anali alendo ochokera kutali. Mu 1899 Henry Schlichter anapitiriza maganizo omwewo, ndipo powerengera kupendekeka kwa njira ya dzuwa anafika ponena kuti makomawo anamangidwa cha m'ma 1100 Yesu asanabadwe, kulakwitsa ndi zaka zoposa 2,000.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa chiyambi chake, mfundo yakuti Great Zimbabwe anali malo oonera nyenyezi sinabwere kudzalemekeza Aafirika. Inali chida chotsimikizira kuti Aafirika sakanatha kumanga malowo.

Maganizo amenewo anali atayamba kale ndi Karl Mauch, Mjeremani amene anafika pa mabwinjawo mu Sepitembala 1871 n'kuganiza kuti wapeza nyumba ya mfumukazi ya ku Seba, mpaka anasema kachidutswa ka mtengo wa pakhomo lina n'kukanunkhiza, nati ndi mkungudza wa ku Lebanoni, pomwe unali mtengo wa m'tchire la komweko. Zinatengera David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, onse akatswiri ofukula zakale ophunzitsidwa bwino, kuti asonyeze kuchokera ku mapale, mikanda ndi ndondomeko ya dothi kuti mzindawo unamangidwa ndi Aafirika, ndiponso kuti si wakale monga ankanenera anzawo aja. Ngakhale zinali choncho, boma la Rhodesia linapitiriza kukakamiza kuti mabuku a alendo asanene zimenezi momveka, ndipo Peter Garlake, yemwe anali woyang'anira malo akale m'dzikomo, anachoka mu 1970 chifukwa chokana kubisa choonadi.

Nkhani ya nyenyezi inadzukanso mu 2002, ulendo uno itavala malaya ena. Richard Wade, wa pa malo oonera zakumwamba a Nkwe Ridge ku South Africa, ananena kuti munthu woima pa malo ena m'kati mwa linga lalikulu angaone zipilala za pakhoma lakum'mawa zikulunjika kumene nyenyezi zitatu zowala za m'gulu la Orion zimatulukira m'bandakucha wa tsiku lalifupi kwambiri pa chaka, ndiponso kuti nsanja ija inamangidwa kulozetsa kumene kunaonekera nyenyezi imene inaphulika m'gulu la Vela zaka 700 kapena 800 zapitazo. Wade sankakana kuti omanga anali Aafirika, ndipo n'chifukwa chake maganizo ake analandiridwa ndi manja awiri ndi anthu ambiri ofunira Africa zabwino.

Koma kufunira zabwino si umboni.

Vuto loyamba ndi la masamu wamba. Thambo lili ndi nyenyezi zowala zambiri, ndipo iliyonse ili ndi malo ake otulukira ndi olowera m'chizimezime, kutanthauza mzere umene thambo limaoneka ngati lakumana ndi dziko. Ngati pali miyala yoimika makumi angapo, ndipo woyezayo ali ndi ufulu wosankha pamene aime, n'zosatheka kuti alephere kupeza mwala wina wolunjika nyenyezi ina. Munthu woima pakhomo la nyumba iliyonse ku Kaunda Square angapeze pholo la magetsi limene nyenyezi yowala imatulukira kuseri kwake, koma palibe amene angakhulupirire kuti ozika mapolowo ankaganiza za nyenyezi.

Vuto lachiwiri ndi lakuti miyala imene ikuoneka lero siili yonse pamene eni ake anaisiya. Ofuna golide anakumbamo, Richard Hall pakati pa 1902 ndi 1904 anachotsa dothi lochuluka m'kati mwa makoma n'kulitaya monga zinyalala, pamodzi ndi umboni umene unali m'menemo, ndipo kuyambira 1914 mbali zina zogumuka zinamangidwanso mongoganizira mmene zinalili. Mbalame zisanu ndi zitatu zosemedwa pa mwala wofewa, zomwe imodzi mwa izo ndiyo ili pa mbendera ya Zimbabwe, zinali pamwamba pa zipilala zotere, ndipo zinazulidwa n'kutengedwa, zambiri kupita ku Cape Town. Kuyeza kona ya mwala umene unasunthidwa kuli ngati kufunsa njira kwa mlendo mnzako.

Vuto lachitatu likukhudza nyenyezi yophulika ija. Zotsalira zake zinatulukiridwa mu 1998 ndi makina oyeza kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo poyamba zinkaoneka ngati za zaka mazana asanu ndi awiri, koma kuyeza kwa pambuyo pake kwasonyeza kuti kuphulikako kungakhale kwa zaka zikwi zingapo zapitazo, nsanja isanaganiziridwe n'komwe.

Akatswiri amene atha moyo wawo wonse pa mabwinjawa amatsutsana pa zina ndithu, koma mikangano yawo ndi ya pansi pano. Thomas Huffman ankaona linga lalikulu ngati malo a chinamwali, pomwe Shadreck Chirikure ndi Innocent Pikirayi, onse a ku Zimbabwe, amatsindika kuti zigawo za mzindawo sizinamangidwe nthawi imodzi ndipo mwina mafumu otsatizana ankasamutsa likulu kuchoka pa chigawo china kupita pa china. Nsanja ambiri amaimasulira monga chithunzi cha nkhokwe, chizindikiro cha mfumu yodyetsa anthu ake, tanthauzo limene Mchewa aliyense wokulira kumudzi angalimve popanda womasulira.

Kuti munthu amvetse bwino chimene chikusowa ku Masvingo, ayenera kuona mmene malo oonera zakumwamba osakayikitsa amaonekera, ndipo chitsanzo chomveka kwambiri cha malo otero omangidwa ndi miyala chili ku Jaipur, m'dziko la India.

Kumeneko mfumu Sawai Jai Singh II inamaliza mu 1734 kumanga malo otchedwa Jantar Mantar, pa nthawi imene kuno Apwitikizi anali atangokhazikitsa msika wawo ku Zumbo ndipo ufumu wa Undi unali pa mphamvu. Mfumuyi inaona kuti zipangizo zazing'ono za mkuwa zimagwedezeka ndi kutha msanga, choncho inasankha kumanga zipangizo zazikulu ngati nyumba, za miyala ndi laimu, zomwe sizisuntha. Inamanga malo asanu otere, ku Delhi, Jaipur, Ujjain, Varanasi ndi Mathura, ndipo a ku Jaipur, okhala ndi zipangizo 19, ndiwo aakulu ndi osungika bwino, ndipo UNESCO inawavomereza mu 2010.

Chipangizo chachikulu kumeneko, Samrat Yantra, ndi wotchi ya dzuwa: khoma la makona atatu lotalika mamita 27, limene mbali yake yopendekeka yakwera ndi madigiri 27, molingana ndi kutalikirana kwa Jaipur ndi mzere wogawa dziko pakati wotchedwa ikweta, kotero kuti mbaliyo imaloza ndendende pamene thambo lonse limaoneka ngati likuzungulirapo. Chithunzithunzi cha khomalo chimagwera pa miyala yosalala yopindika ya mbali zonse ziwiri, yolembedwa timizere ta maola, mphindi ndi timphindi, ndipo chimayenda pafupifupi milimita imodzi pa kamphindi kalikonse, moti mlendo amachiona chikukwawa ndi maso ake.

Ku Jaipur palibe chofunika kuganizira. Pali timizere toyezera, pali makwerero a woyeza, ndipo pali mabuku a ziwerengero amene akatswiri a mfumuyo analemba.

Africa nayo ili ndi malo amene umboni wake ndi wolemererako. Ku Nabta Playa, m'chipululu cha kum'mwera kwa Egypt, makilomita pafupifupi 100 kumadzulo kwa Abu Simbel, abusa a ng'ombe anazika miyala mozungulira zaka pafupifupi 7,000 zapitazo, m'kabwalo ka mamita anayi okha, ndipo mipata yake iwiri imayang'ana kumene dzuwa linkatulukira pa nyengo imene mvula inkayamba kudzaza dambo lawo. Gulu la Fred Wendorf ndilo linafufuza malowo, ndipo J. McKim Malville anafalitsa za kuyang'ana kwa miyalayo mu 1998. Miyala yeniyeniyo inasamutsidwira ku nyumba yosungira zakale ya ku Aswan poiteteza kwa oononga. Ku Kenya, kumadzulo kwa nyanja ya Turkana, kuli zipilala 19 za Namoratunga, zimene Mark Lynch ndi Lawrence Robbins ananena mu 1978 kuti zinkaloza nyenyezi zisanu ndi ziwiri za kalendala ya anthu a mtundu wa Borana. Koma Robert Soper atayezanso mu 1982 anapeza kuti ziwerengero zoyamba zinali ndi zolakwika, ndipo kufukula kwa pambuyo pake kwasonyeza kuti malo a zipilala a m'deralo anali manda, akale kwambiri kuposa mmene ankaganizira. Apanso, nkhani yokoma inafika msanga kuposa umboni.

Zimenezi sizikutanthauza kuti anthu a ku Great Zimbabwe sankadziwa thambo. Mzinda wa alimi a mapira ndi oweta ng'ombe, umene unkatumiza golide ndi minyanga ku gombe la Sofala n'kulandira mikanda ya galasi ndi mbale za ku China ndi Persia, sukanakhala zaka mazana atatu popanda anthu odziwa kuwerenga nyengo. Cholakwika chili pa kuganiza kuti nzeru za zakumwamba zimayenera kusiya khoma la miyala kuti zikhale nzeru.

Chinyanja chenichenicho chikusunga umboni wa zimenezi m'mayina. Kagulu ka nyenyezi zothithikana kamene Azungu amakatcha Pleiades ndi Nsangwe. Kamayamba kuoneka kum'mawa m'bandakucha mu Juni, ndipo pofika Novembala kamatuluka dzuwa likangolowa, pa nthawi yomwe mlimi amakhala atatha kusosa ndipo akudikira mvula yobzalira, n'chifukwa chake mitundu yambiri ya Abantu imakatcha ndi dzina lochokera ku mawu akuti kulima, monga Kilimia m'Chiswahili ndi isiLimela m'Chizulu. Nyenyezi zitatu zondondozana za pakati pa Orion, gulu lomwelo limene Wade ankalifuna pa makoma, ndi Akamwiniatsatana, dzina limene mkamwini aliyense wa ku chikamwini angalimwetulire. Nthanda ndi nyenyezi yowala ya m'mamawa imene inkadzutsa aulendo ndi asodzi.

Alice Werner, amene anakhala ku Blantyre m'zaka za m'ma 1890, analemba za Anyanja amene ankati mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani wa kum'mawa, amene samudyetsa bwino mwamuna wake mpaka amaonda, ndi Puikani wa kumadzulo, amene amamunenepetsanso. Nthanoyi ikhoza kumveka ngati yongosekera, koma m'kati mwake muli kupenyetsetsa kolondola, pakuti mwezi wotha umaonekadi kum'mawa m'bandakucha pafupi ndi nyenyezi ya m'mawa, ndipo mwezi watsopano umaoneka kumadzulo madzulo n'kumakula usiku ndi usiku. Kuti nyenyezi ziwirizo kwenikweni ndi dziko limodzi lotchedwa Venus sikuchotsa kanthu pa luso la amene anaona kaye kayendedweko.

Pali ngakhale tsiku la m'mbiri ya Zambia ndi Malawi limene likudziwika chifukwa cha thambo. Angoni a Zwangendaba anasunga m'makumbukiro awo kuti pa tsiku limene ankawoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo dzuwa linada masana, ndipo akatswiri atawerengera m'mbuyo anapeza kuti kadamsana, kutanthauza kuphimbika kwa dzuwa mwezi ukadutsa pakati pa dzuwalo ndi dziko, anachitikadi m'chigawocho pa 20 Novembala 1835. Pamenepa mbiri ya pakamwa ndi masamu a zakumwamba zinagwirana chanza, ndipo umboni wake ndi wolimba kuposa wa chipilala chilichonse cha ku Masvingo.

Anthu a mu Lusaka a zaka zoposa 30 safunika kuuzidwa kuti kadamsana amaoneka bwanji. Pa 21 Juni 2001, itangopitirira 3 koloko masana, chithunzithunzi cha mwezi chinaphimba mzinda wonse kwa mphindi zitatu ndi timphindi tochepa, alendo ochokera m'maiko ambiri atadzaza mahotela ndi mabwalo, ndipo ameneyo anali kadamsana wathunthu woyamba wa zaka za m'ma 2000. Zinangochitika kuti tsikulo linalinso lalifupi kwambiri pa chaka kum'mwera kwa ikweta, lomwelo limene Swan ndi Wade ankalisaka pa makoma.

Sayansi ya zakuthambo ya zipangizo inalowa m'dera lino kudzera njira ina, ndipo cholinga chake chinali mapu. Mu Julayi 1798 Francisco de Lacerda, katswiri wa masamu ndi nyenyezi wobadwira ku São Paulo amene anali bwanamkubwa wa Apwitikizi m'chigwa cha Zambezi, ananyamuka ku Tete, nadutsa m'dziko la Amaravi, nawoloka Luangwa, akuyeza malo amene wafika poyang'ana miyezi ya Jupiter pa telesikopu, ndipo anamwalira mu Okutobala chaka chomwecho ali pafupi ndi likulu la Mwata Kazembe. David Livingstone naye ankayeza nyenyezi usiku n'kutumiza ziwerengero zake kwa Thomas Maclear ku Cape Town kuti azikonze. Malo amene Maclear ankagwirako ntchito anakhazikitsidwa mu 1820, nyumba yake ikadalipo m'dera la mzindawo lotchedwa Observatory, ndipo kwa wofuna kuona malo akale osakayikitsa oonera nyenyezi kum'mwera kwa Africa, amenewo ndiwo.

Zambia ya lero siili kunja kwa nkhaniyi. Ambiri amangokumbukira Edward Makuka Nkoloso, mphunzitsi ndi womenyera ufulu amene mu 1964 analengeza kuti atumiza Azambia ku mwezi, ndipo dziko lonse linamuseka. Ochepa ndi amene akudziwa kuti Zambia ndi limodzi mwa maiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya Square Kilometre Array, makina aakulu omvera mafunde ochokera kuthambo, kapena kuti msonkhano waukulu wa akatswiri a zakuthambo a dziko lonse unachitikira mu Africa koyamba mu Ogasiti 2024, ku Cape Town. Sukulu ya ukachenjede ya University of Zambia, kumene kumaphunzitsidwa sayansi ya fizikisi, ili pa msewu womwewo wa Great East, ulendo wa mphindi zochepa pa minibasi kuchokera ku Kaunda Square.

Komabe chinthu chachikulu chimene malo akale a miyala ankayeza chingayezedwe pakhomo, popanda chiphaso kapena ndalama ya basi.

Dzuwa silitulukira malo amodzi chaka chonse. Mu Lusaka, umene uli madigiri 15 ndi pang'ono kum'mwera kwa ikweta, limatulukira kum'mawa kwenikweni kawiri kokha, cha pa 21 Malichi ndi cha pa 23 Sepitembala. Kuchokera mu Malichi limasendera kumpoto m'mawa uliwonse mpaka cha pa 21 Juni, pamene limaoneka ngati laima kwa masiku angapo n'kuyamba kubwerera, ndipo limafika malire ake a kum'mwera cha pa 21 Disembala. Pakati pa malire awiriwo pali madigiri pafupifupi 49, mpata waukulu ndithu woti aliyense auone, ndipo usana umatalika kuchoka pa maola 11 ndi mphindi zochepa m'chisanu kufika pa maola 13 m'dzinja. Munthu amene angasankhe malo amodzi oima, monga pa mwala wa pakhomo, n'kumalemba mlungu uliwonse kuti dzuwa latulukira pa denga liti, thanki liti kapena mtengo uti, pakutha pa chaka adzakhala ndi kalendala ya mtundu womwewo umene abusa a ku Nabta Playa akuganiziridwa kuti anali nawo. Chofunika n'kusaliyang'anitsitsa dzuwa likakwera, chifukwa limaononga maso.

Mlimi wa ku Katete kapena ku Dedza amene amadziwa kuti dzuwa likatulukira pa mpata wakutiwakuti wa phiri ndiye kuti chizimalupsa chayandikira akuchita zomwezo, ndipo phirilo silisunthidwa ndi wofukula aliyense.

Great Zimbabwe ndi malo oyenera ulendo wa makilomita 800, ndipo woyendayo achita bwino kufika mu Juni, kugona pafupi, n'kukwera phiri m'mamawa kwambiri kuti aone kuwala koyamba kukugwera pa linga m'chigwa. Chimene adzaone ndi likulu la ufumu wa Aafirika, lomangidwa mwaluso losowa, limene silifunika kubwereka ulemu kwa Stonehenge kapena Jaipur. Kuti linalinso malo oyezera nyenyezi ndi maganizo amene mpaka lero sanatsimikizidwe, ndipo aphunzitsi asawalembe pa bolodi ngati mfundo.

Kwa ana a sukulu a ku Kaunda Square, Mtendere ndi Kalingalinga, kuyesa koyamba n'kosavuta kuposa zonsezi. Cha pa 4 Novembala, nthawi ikamakwana 11:50 m'mawa, dzuwa limakhala paliwombo penipeni mu Lusaka, ndipo ndodo yozikidwa chilili pa bwalo la sukulu imatsala yopanda chithunzithunzi. Zimachitikanso cha pa 7 Febuluwale, nthawi ili cha m'ma 12:20, ngati mitambo ya dzinja italola.